Nthano zakum'mawa zipitirire kuseweredwa ndi zidole

Mu July 2018, akuluakulu a chikondwerero cha nyimbo za jazi mumzinda wa Montreal ku Canada anaimitsa sewero la Robert Lepage, wokonza zisudzo wa ku Quebec ku Canada komweko, lotchedwa SLĀV litangoonetsedwa maulendo owerengeka. Chimene chinakwiyitsa anthu n'chakuti nyimbo za akapolo achikuda zinkaimbidwa ndi gulu limene ambiri mwa iwo anali azungu. Mwezi womwewo usanathe, sewero lake lina lotchedwa Kanata, lokamba za mitundu ya eni nthaka a ku Canada, linapsanso ndi moto womwewo popeza pakati pa osewera panalibe wochokera m'mitunduyo. Kuyambira pamenepo, funso lakuti ndani ali ndi ufulu wosimba nkhani ya mnzake silinachoke pakamwa pa anthu a zisudzo. Lafalikira mpaka kufika pa mtundu wina wa masewero umene ine ndimaukonda kwambiri, wa nthano zakum'mawa zoseweredwa ndi zidole motsagana ndi nyimbo. Alipo amene akuti masewero amenewanso ndi kuba komweko, ndipo nthawi yake inatha.

Ine ndikukana. Pa nkhani ya SLĀV odandaula aja anali ndi mfundo, chifukwa nyimbo za akapolo ndi misozi ya anthu enieni, ndipo adzukulu awo alipo, amatha kuimba okha. Koma kunyamula chigamulo chimenecho n'kuchigwetsera pa masewero a zidole n'kulakwitsa. Maganizo anga ndi akuti nthano zakum'mawa ziyenera kupitirira kuseweredwa ndi zidole, ndi wina aliyense amene walolera kuphunzira luso lake mofatsa. Chidole chimanyamula nthano yotere bwino kuposa thupi la munthu, ndipo sichinamiza oonera ngati mmene amachitira wosewera wodzipenta nkhope kuti aoneke wa mtundu wina. Chimene tiyenera kulimbana nacho ndi mchitidwe wobisa maina a eni luso ndi kuwamana phindu. Kubwereka pakokha si mlandu.

Kuti tisamakangane m'malere, tiyeni tigwire sewero limodzi, la Lepage yemweyo. Mu October 2009 kampani ya Canadian Opera Company ku Toronto inaonetsa koyamba mmene Lepage anakonzera opera (sewero loimbidwa) ya Igor Stravinsky yonena za kambalame koimba usiku, kamene azungu amakatcha nightingale. Nthano yake analemba ndi Hans Christian Andersen wa ku Denmark mu 1843. Mfumu yaikulu ya ku China imamva kuti m'nkhalango mwake muli kambalame kotuwa, kosaoneka bwino, koma ka mawu ogwetsa misozi, ndipo imalamula kuti akakatenge. Kenako mfumu ya ku Japan imatumiza mphatso ya mbalame yopanga, yonyezimira, yoimba ikapukusidwa. A kunyumba yachifumu amatengeka nayo, ndipo kambalame kenikeni kaja kamabwerera kutchire. Mfumu itadwala mwakayakaya, Imfa itaima pambali pake, mbalame yopanga ili duu, kambalame kaja kamatulukiranso n'kuimba mpaka Imfa kumusiya wodwalayo. Tsono Lepage anachita zachilendo. Dzenje la kutsogolo kwa siteji, mmene mumakhala oimba ndi zida, analidzaza madzi n'kulisandutsa dziwe. Oimba ndi zidawo anawakweza pa siteji, ndipo oimba mawu analowa m'madzimo akuyendetsa zidole zimene anapanga Michael Curry wa ku America. Nzeru imeneyi anaitenga ku zidole za m'madzi za ku Vietnam. Seweroli linapita ku Aix-en-Provence ku France mu 2010, ku New York mu 2011, linabwereranso ku Toronto mu 2018, ndipo mu 2024 linafika ku Adelaide ku Australia. Ndiye taonani kusakanizika kwake: nthano ya munthu wa ku Denmark, nyimbo za munthu wa ku Russia, wokonza wa ku Quebec, wopanga zidole wa ku America, luso la ku Vietnam, nkhani yochitikira ku China. Ngati pali sewero limene odana ndi kubwereka angaliloze chala, ndi limeneli, ndipo n'chifukwa chake ndalisankha.

Dandaulo loyamba ndi lakuti uku n'kuba. Olinena amatikumbutsa kuti zidole za m'madzi zinabadwira m'midzi ya alimi a mpunga a m'chigwa cha mtsinje wa Red River kumpoto kwa Vietnam, ndipo mwala wolembedwa mu 1121 umatchula kale za sewero lotere loonetsedwa kwa mfumu. Oyendetsa zidolezo amaima m'madzi olekeza m'chiuno kuseri kwa chotchinga cha nsungwi, akugwira mitengo italiitali yobisika pansi pa madzi. Zidolezo amazisema ku mtengo wa mtundu wa mkuyu chifukwa ndi wopepuka, n'kuzipaka utoto wosalowa madzi, ndipo mudzi uliwonse unkasunga chinsinsi cha zingwe zake osauza alendo. Ndiye mlendo angobwera, n'kutola chimene chamusangalatsa, n'kukagulitsa matikiti okwera mtengo m'mizinda imene mlimi wa ku Vietnam sangapondemo. Kodi kumeneko si kuba? Dandaulo limeneli sindikulipeputsa. Ife amene ziboliboli ndi zigoba za makolo athu zili m'nyumba zosungira zakale za kutsidya kwa nyanja timadziwa kuwawa kwake.

Komabe tikafufuza mbiri, tipeza kuti nthano ndi zidole sizinakhalepo pakhomo. Taonani wayang, masewero a zidole zachikopa a pachilumba cha Java ku Indonesia, amene bungwe la UNESCO linawazindikira mu 2003 ngati chuma cha anthu onse. Nkhani zake zikuluzikulu, Mahabharata ndi Ramayana, zinachokera ku India. Anthu a ku Java atazilandira sanazisunge mmene anazipezera. Anawonjezeramo Semar ndi ana ake Gareng, Petruk ndi Bagong, antchito anthabwala amene m'nkhani za ku India mulibe, ndipo iwowa ndi amene amalankhula chilankhulo cha tsiku ndi tsiku n'kumatchula zimene zikuvuta anthu m'mudzi. Pachilumba chomwecho palinso zidole zamatabwa zimene zimasewera nkhani za Amir Hamza, zochokera kwa Aluya ndi Aperezi. Luso nalonso linayenda ulendo wake. Richard Teschner wa ku Vienna anaona zidole zandodo za ku Java ali ku Netherlands mu 1911, ndipo zinasintha ntchito yake yonse. Ku Moscow, bwalo la zidole la Sergey Obraztsov linasewera nthano ya Aladdin mu 1940 ndi zidole zandodo zomwezo. Choncho tikanena kuti aliyense azisewera za kwawo zokha, woyamba kufa ndi wayang yemweyo amene tikufuna kumuteteza. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa nkhani ya zidole kalumoko kakhala kakudutsa m'manja ambiri kwa zaka mazanamazana.

Wina anganene kuti kufanizira kumeneku n'kopereweza, chifukwa Java sanalamulirepo India, pamene Netherlands inalamulira Indonesia ndipo France inalamulira Vietnam. Zimenezo n'zoona, ndipo zikutifikitsa pamene pali chilonda chenicheni. Kuyambira mu 1704, Antoine Galland ankamasulira m'Chifalansa nthano zachiarabu za Mausiku 1,001. Nthano za m'mipukutu imene anali nayo zitamuthera, anakumana ku Paris mu 1709 ndi mnyamata wa ku Aleppo ku Syria, dzina lake Hanna Diyab. Mnyamatayu anamusimbira nthano zingapo, kuphatikizapo ya Aladdin ndi ya Ali Baba. Galland anaziika m'mabuku ake osatchulamo dzina la mnyamatayo, ngakhale kuti m'buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku anamulemba. Kwa zaka zambiri dziko linkadziwa nyale ya Aladdin osamudziwa amene anaiyatsa. Nkhani ya maulendo ake, imene Diyab analemba atakalamba mu 1763, inasindikizidwa m'Chifalansa mu 2015. Ndiye tifunse kuti cholakwika chinali chiyani apa. Kodi n'chakuti nthanoyo inafika ku Paris? Ayi, pakuti kufika kwake ku Paris n'kumene kunaisunga mpaka lero. Cholakwika chinali kudula dzina. Zili ngati kubwereka khasu kwa mnansi. Palibe amene angakuimbe mlandu chifukwa chobwereka. Mlandu umayamba pamene wakolola, n'kumauza anthu kuti khasulo unasula wekha, mwini wake osamupatsako ngakhale chitsononkho.

Chifukwa chake mankhwala a dandaulo loyambali si kuletsa masewero. Mankhwala ake ndi kukakamiza okonza kuti achite zimene Galland sanachite. Pa pepala limene oonera amalandira pakhomo palembedwe dziko, mudzi ndi mphunzitsi amene luso lachokera. Akatswiri a kumeneko aitanidwe kudzaphunzitsa ndipo alipidwe ngati akatswiri, osati kungowajambula pa kanema n'kumapita. Ndipo chikondwerero chimene chili ndi ndalama zodzazira madzi m'dzenje la oimba chili nazonso zoitanira gulu la ku Vietnam kuti lidzaonetse lokha sabata yomweyo. Zimenezi n'zotheka, ndipo oonera ali ndi mphamvu yozifunsa.

Dandaulo lachiwiri ndi lolemera kuposa loyamba, ndipo ndikhalapo pang'ono. Likuti masewero amenewa amaonetsa Kum'mawa kwabodza. Amatenga China, Japan, Vietnam ndi Arabia n'kuziphika mumphika umodzi, ngati kuti anthu onsewo ndi amodzi, ovala silika, ogwadira mafumu ankhanza, okhala pakati pa ziwanda ndi nyale zamatsenga. Wolemba mabuku Edward Said anafotokoza mu 1978 mmene chithunzi choterechi chinathandizira azungu kudziona ngati anzeru oyenera kulamulira ena. Ndikuvomereza kuti China wa m'nthano ya kambalame si China weniweni. Andersen sanapondeko ku China. Chimene ankadziwa ndi mbale zadothi zokongola zochokera kumeneko, komanso zokongoletsa za m'munda wa zisangalalo wa Tivoli umene unatsegulidwa ku Copenhagen chaka chomwe analemba nthanoyo. Ngakhale Aladdin, nthano yake imati ankakhala mumzinda wina wa ku China, koma mumzindamo muli sultani ndi miyambo ya Chisilamu ya ku Middle East. M'nthano zimenezi dzina lakuti China likungotanthauza kutali, monga mmene agogo amayambira kuti kalekale, kudziko lina lake, kunali mfumu.

Tsono funso n'lakuti, kodi dziko longopeka lotere tingalionetse bwanji osanamiza anthu? Apa ndi pamene chidole chimapambana. Taganizani za opera ya Turandot ya Giacomo Puccini ya mu 1926, imenenso nthano yake inachokera m'mabuku a nkhani za ku Persia n'kuikidwa ku China wongopeka. Kwa zaka zambiri oimba achizungu akhala akudzikoka zikope ndi utoto, kudzipaka nkhope, n'kumayenda mwa timasitepe tating'ono kuti aoneke ngati Matchaina, ndipo anthu a ku Asia adandaula nazo momveka. Wosewera wotere amauza oonera kuti munthu wa ku China amaoneka chonchi, amayenda chonchi. Limenelo ndi bodza lokhudza anthu amoyo. Chidole sichingathe kunena bodza limenelo, chifukwa aliyense akuona kuti ndi thabwa, nsalu ndi utoto. Amaona ndodo, amaona dzanja la wochigwira. Chimavomera poyera kuti ndi chopangidwa, ndipo mfumu imene chikuimira ndi mfumu ya m'nthano. Woimba amakhala pambali ndi nkhope yake ya kubadwa, kaya ndi wa ku Russia, wa ku Korea kapena wa ku Soweto. Ndiye pamene wokonza sewero wapatsa woimba chidole koma n'kumupentanso nkhope kuti afanane ndi mtundu wina, wataya phindu lonse la chidolecho, ndipo pamenepo ine ndili mbali ya odandaula.

Sindikunena kuti chidole sichinganyoze. Sompho nayo imatha kusema chipongwe. Ku Ulaya kunali zidole za anthu akuda za milomo yokokomeza, ndipo ngakhale masewero a zithunzithunzi a Karagöz a ku Turkey ali ndi anthu oimira mitundu yosiyanasiyana amene amasekedwa chifukwa cha kalankhulidwe kawo. Koma zimenezi zikutiuza kuti tiziyang'ana chidole chilichonse pachokha n'kufunsa ngati wosema anachisema mwaulemu kapena mwachipongwe. Sewero lonyoza lidzudzulidwe ndi dzina lake. Kuipa kwa wosema mmodzi si chifukwa chothyolera sompho za onse.

Dandaulo lachitatu limachokera mbali ina, kwa okonda nyimbo zapamwamba. Iwo amati zidole n'za ana, ndipo kuika nyimbo za Stravinsky m'manja mwa zidole n'kuzitsitsa. Amene amanena zimenezi sanaonepo bunraku ya ku Osaka ku Japan. Kumeneko chidole chimodzi amachiyendetsa anthu atatu: wamkulu amagwira mutu ndi dzanja lamanja, wachiwiri dzanja lamanzere, wachitatu miyendo. Eni ake amati munthu amatha zaka 10 pa miyendo ndi zina 10 pa dzanja lamanzere asanaloledwe kugwira mutu. Pambali pamakhala wolakatula mmodzi amene amalankhula mawu a anthu onse a m'seweromo, ndi woimba shamisen, chida cha nsambo zitatu. Nkhani zake si za ana. Mu 1703 Chikamatsu Monzaemon analembera zidolezi sewero la mnyamata ndi mtsikana amene anadzipha chifukwa cha chikondi, nkhani imene inali itangochitikadi mumzindamo. Ku Java, dalang, amene ndi mwini sewero, amakhala pansi cha m'ma 9 koloko usiku n'kudzadzuka m'bandakucha. Usiku wonsewo amayendetsa zidole zonse yekha, kulankhula mawu a aliyense, kuimba, komanso kutsogolera gulu la oimba ndi zida zazitsulo ndi ng'oma lotchedwa gamelan pogogoda bokosi la zidole ndi kuwomba tizitsulo ndi phazi. Nakonso ku Ulaya, Joseph Haydn analemba opera ya zidole imene inaonetsedwa pamaso pa mfumukazi Maria Theresa mu 1773, ndipo bwalo la zidole zazingwe la ku Salzburg, limene Anton Aicher anayambitsa mu 1913, likuseweretsabe ma opera a Mozart kwa akuluakulu.

Kuwonjezera apo, nthano ili ndi zofuna zake zimene thupi la munthu silingakwaniritse. Imafuna mbalame yoimba, chiwanda chotuluka m'nyale, Imfa yobwera kudzatenga mfumu, nyani wodumpha mitambo. Mayi wa mawu okoma akavala nthenga n'kumakupiza manja, oonera amaona mayi amene akuyesa kukhala mbalame, ndipo maso awo amakhala pa kuyesako. Koma kambalame kakang'ono kakamangiriridwa kunsonga kwa ndodo yaitali n'kumauluka pamwamba pa dziwe, mawu akuchokera kwa mayi uja ali poteropo, mtima umalumikiza wokha ziwirizo. Kulekanitsa mawu ndi thupi si chinthu chimene Lepage anakakamiza pa opera imeneyi. Pamene inaonetsedwa koyamba ku Paris mu May 1914 ndi gulu la ovina la Sergei Diaghilev, oimba anali m'dzenje ndipo pa siteji panali ovina osonyeza nkhaniyo ndi matupi awo. Ife Achewa sitiyenera kudabwa nazo. Agogo akati "Padangokhala," ife n'kuyankha kuti "Tili tonse," mawu a Kalulu, a Fisi ndi a Njovu amatuluka pakamwa pamodzi, ndipo nyimbo ikafika tonse timavomera. Palibe mwana amene amafunsa kuti Kalulu ali kuti, chifukwa aliyense akumuona m'mutu mwake. Chidole chimagwira ntchito yomweyo. Nkhope yake siisintha, koma wochigwira akapendeketsa mutu wake pang'ono nyimbo ikutsika, oonera amalumbira kuti achiona chikulira. Misozi imeneyo amaiikapo ndi iwo eni, ndipo n'chifukwa chake imawakhudza kwambiri.

Dandaulo lachinayi ndi la nyimbo zenizenizo, ndipo lili pawiri. Mbali yoyamba ikuti zidole za kum'mawa zikachotsedwa pa gamelan kapena pa ng'oma ndi oimba a chèo, zisudzo zoimbidwa za ku Vietnam, n'kuikidwa pa zeze ndi malipenga a ku Ulaya, zimataya mzimu wake. Yankho langa n'lakuti chimene chimabadwa pamenepo ndi chinthu chatsopano, ndipo chiyenera kudzitcha chatsopano. Stravinsky sananene kuti akulemba nyimbo za Chitchaina, monganso Claude Debussy, amene anamva gamelan pa chionetsero cha ku Paris mu 1889, sananene kuti nyimbo zake za piyano n'za ku Java. Vuto lingakhalepo ngati wina atamalengeza kuti bwerani mudzaone zidole za m'madzi za ku Vietnam, pamene akuonetsa zake zosakaniza. Kunena zoona pa chikwangwani kumathetsa mbali imeneyi.

Mbali yachiwiri ndi imene ndikugwirizana nayo ndi mtima wonse, ndipo ndikufuna anzanga okonda zidole aimve. Mabwalo ambiri a zidole, pofuna kupulumutsa ndalama, amaseweretsa zidole pa nyimbo zojambulidwa kale. Ngakhale bwalo lotchuka la ku Salzburg limatero kawirikawiri. Ndimamvetsa kuti kulipira oimba usiku uliwonse n'kodula, koma kwa nthano chinthu chachikulu chimatayika. Nthano ya kambalame ija imanena yokha za vuto limeneli: mbalame yopanga inaimba nyimbo imodzimodzi maulendo 33 osasintha kanthu, anthu n'kumaombera m'manja, koma tsiku limene mfumu inafuna nyimbo yoti iyankhule ndi Imfa, inalibe choti ipereke. Dalang akaona kuti anthu akuseka amatalikitsa nthabwala za Semar, ndipo oimba gamelan amamudikira. Akaona kuti tulo tayamba kuwagwira amagogoda bokosi, ng'oma n'kufulumira. Makina sangachite zimenezo. Aliyense amene anamvapo kwaya ikuimba motsatira kiyibodi yotcheredwa kale, kenako n'kumva kwaya ina ikuimba ndi mng'oma wamoyo amene amamva pamene mpingo wagwidwa n'kubwereza ndime, akudziwa kusiyana kumene ndikunena. Chidole ndi thabwa lakufa, ndipo moyo wake wonse umachokera ku dzanja ndi mawu a anthu amene ali pomwepo. Ukachotsa theka la moyowo n'kuikapo sipika, watsala ndi mbalame ya mfumu ya ku Japan. Choncho ngati ndalama zili zochepa, ndi bwino kukhala ndi oimba atatu amoyo kusiyana ndi gulu la oimba 80 la m'kaseti.

Pali malire amodzi amene ndiyenera kuwanena mosabisa. Si sewero lililonse la zidole limene lili nthano yosangalatsa. Ku Java kuli mwambo wa ruwatan, pamene dalang wamkulu amasewera nkhani yapadera kuti achotse tsoka pa munthu, ndipo si dalang aliyense amene amaloledwa kuuchita. Zoterezi si za matikiti. Ife tikudziwa kuti Gule Wamkulu ali ndi zimene zimaonetsedwa pabwalo, komanso ali ndi za kudambwe zimene wosalowa sayenera kuzigwira. Wobwereka wanzeru amafunsa eni ake kuti izi n'zotengeka kapena ayi, ndipo akakanizidwa amasiya. Koma nthano ya kambalame, ya Aladdin kapena ya kamba wagolide wa m'nyanja ya Hoàn Kiếm ku Hanoi ku Vietnam amene analandira lupanga la mfumu Lê Lợi si za kudambwe. Eni ake amazionetsa kwa aliyense wofika.

Chomaliza, tiyang'ane kumene kwachokeradi zoopsa pa luso limeneli m'zaka zapitazi. M'chigawo cha Kelantan ku Malaysia, chipani cha Chisilamu cha PAS chitatenga boma mu 1990 chinaletsa wayang kulit, masewero a zidole zachikopa, ndi magule ena akale ponena kuti akutsutsana ndi chipembedzo, ndipo a dalang anachepa kwambiri. Ku Osaka, kwawo kwenikweni kwa bunraku, meya Toru Hashimoto mu 2012 anachepetsa thandizo la ndalama ku bungwe la osewera n'kuopseza kuti aliimitsa, ndipo pambuyo pake thandizolo linamangiriridwa pa kuchuluka kwa anthu obwera kudzaonera. M'malo onse awiriwa amene anapanikiza zidole si mlendo wobwereka, koma olamulira a komweko, wina ndi lamulo, wina ndi thumba la ndalama. Chimene chimasunga luso lotere ndi anthu odzaza mabenchi ndi achinyamata oona kuti angadyerepo. Bwalo la Thăng Long ku Hanoi limaonetsa zidole za m'madzi maulendo angapo tsiku lililonse, ndipo ambiri mwa okhala pamipandoyo ndi alendo ochokera kunja. Munthu amene anaona kambalame kakuuluka pamwamba pa dziwe ku Toronto kapena ku Adelaide ndi mmodzi mwa amene angadzagule tikiti ku Hanoi. Ndipo ngati pa pepala limene analandira pakhomo panalembedwa dzina la mudzi ngati Đào Thục, kumene alimi akuyendetsabe zidole m'dziwe la m'mudzi, adzadziwa basi yoti akwere akafika.